Kodi nalimata wabuluu wa pa Facebook uja alipodi?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 7 kuno ku Zomba. Mwana wina wa m'kalasi mwanga anabwera ndi chithunzi chimene mkulu wake anachipeza pa Facebook, cha kabuluzi kabuluu kowala kwambiri katakhala pa tsamba. Ana ena akuti ndi mwana wa gulo, ena akuti mtunduwo anachita kuupaka pa kompyuta, pamene mkulu wakeyo akuti azungu amagula tinyama timeneti pa mtengo wokwera ndipo akufuna kukatisaka kuphiri. Kodi kanyama kameneka kalipodi? Kamapezeka kuno kwathu? Nanga kali ndi ululu?

Yankho: Aphunzitsi, kanyama kali pachithunzi mwatumizachi kalipodi, ndipo mtundu wakewo ndi wobadwa nawo. Si gulo ayi, koma nalimata, ndipo dzina limene akatswiri a zamoyo amamudziwa nalo ndi Lygodactylus williamsi. Kwawo ndi ku Tanzania, m'chigawo cha Morogoro, m'kankhalango kotchedwa Kimboza ndi timadera tingapo toyandikana nako. Kunja kwa malo amenewo sapezeka m'tchire lina lililonse padziko lapansi, kotero mnyamata akufuna kukwera phiri la Zombayo angotha nsapato pachabe. Za malondazo ndifikako, chifukwa zili ndi mbiri yake yowawa ndiponso lamulo lake, koma ndi bwino ana anu ayambe amudziwa mwiniwakeyo.

Ana amene anati ndi gulo sanalakwe kwenikweni poganiza motero, popeza buluzi wamutu wabuluu amene tonse tinakula tikumuona akugwedeza mutu pathunthu la mtengo ndi gulo. Kusiyana kwake kuli pa msinkhu, khungu ndi zala. Gulo wamkulu amatalika kuposa dzanja la munthu wamkulu, khungu lake ndi lokhakhala, ndipo pokwera mtengo amadalira zikhadabo. Nalimata uyu thupi lake, kuyambira kumphuno mpaka poyambira mchira, ndi masentimita 4 okha, utali wa kamtengo ka machesi, ndipo mukaphatikiza mchira amafika masentimita pafupifupi 8. Chimene chimanamiza pa zithunzi ndi msinkhu osati mtundu, chifukwa wojambula amayandikiza kamera mpaka kanthu kotha kukhala pa chala chanu chamkombaphala kamadzaza foni yonse.

M'Chichewa mawu akuti kubiriwira timatchulira tsamba, ndipo ena amatchuliranso thambo kapena nyanja, koma pa nalimata uyu mitundu iwiriyo tiyenera kuilekanitsa, chifukwa ndi imene imasiyanitsa wamphongo ndi wamkazi. Wabuluu uja ndi wamphongo, ndipo amakhala ndi mizere yakuda kumaso ndi kukhosi. Wamkazi amakhala wobiriwira ngati tsamba kapena wofiirira ngati mkuwa, ndipo akakhala phee pa tsamba simungamuone msanga. Onse awiri kumimba kwawo ndi kofiirira ngati lalanje lakupsa. Chodabwitsa ndi chakuti si wamphongo aliyense amene amawala buluu. Amphongo aang'ono, kapena amene agonja kwa mnzawo wamphamvu, kawirikawiri amaoneka obiriwira ngati aakazi, ndipo zimenezi zimawathandiza kukhala pafupi ndi mwini malo popanda kumenyedwa. Ngakhale mwini maloyo amathima n'kuoneka wakuda akazizidwa kapena akachita mantha, ndipo amawalanso akawothera dzuwa. Choncho zithunzi zimene zimafala pa intaneti ndi za nalimata wamphongo, wamphamvu, wofundidwa bwino, pa nthawi imene akudzionetsera.

Buluuyo si utoto umene uli m'khungu. M'kati mwa khungu la abuluzi otere muli timaselo tokhala ndi tinthu tonyezimira tating'ono kwambiri tosanjikizana mwadongosolo, ndipo kuwala kukagwerapo, mbali ya buluu ndi imene imabwerera m'maso mwathu. Pamwamba pake pakakhala timaselo tachikasu, buluu ndi chikasu zimasakanizika n'kuoneka zobiriwira. Ana anu akhoza kuyesa zimenezi ndi choko cha mitundu iwiri pa bolodi.

Nalimata amene timamudziwa m'nyumba zathu, wotuwa uja amene amadikirira tizilombo pafupi ndi babu usiku, ndi wa gulu lina lotchedwa Hemidactylus. Iye amayenda usiku, ndipo mwana wa diso lake masana amatsala kamzere kowongoka ngati wa mphaka. Analimata a gulu la Lygodactylus, limene lili ndi mitundu yoposa 60 makamaka mu Africa ndi pa chilumba cha Madagascar, amayenda masana ndipo mwana wa diso lawo ndi wobulungira. Mtundu wowala umakhala ndi ntchito kwa nyama yoyenda masana, imene anzake angaione patali. Koma magulu onse awiriwa amafanana pa chinthu chimodzi: alibe zikope zophethira. Diso lawo linakutidwa ndi kakhungu koonekera mkati, ndipo fumbi likagwerapo amalipukuta ndi lilime.

Dzina lathu lakuti nalimata limamveka kumata, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti kumapazi kwake kuli ulimbo kapena guluu. Kulibe chilichonse chonata. Kunsi kwa zala zake kuli timamba tosanjikizana, ndipo pa kamamba kalikonse pamera titsitsi tambirimbiri tosaoneka ndi maso, timene kunsonga kwake timagawikanso tinthambi tina tating'ono koposa. Tinthambi timeneti timakhudza tsamba kapena galasi moyandikana kwambiri, mwakuti kamphamvu kochepa kamene kamakoka tinthu tiwiri tikayandikana zedi kamayamba kugwira ntchito. Asayansi amakatchula kuti mphamvu ya van der Waals, ndipo kafukufuku wa Kellar Autumn ndi anzake ku America, amene anafalitsidwa m'chaka cha 2000, ndi amene anayeza mphamvu ya katsitsi kamodzi pa nalimata wamkulu wa ku Asia. Katsitsi kamodzi mphamvu yake ndi yochepa, koma pophatikiza tonse nyamayo imatha kulendewera chadodolido. Analimata a gulu la Lygodactylus ali ndi mwayi wina woonjezera, chifukwa timamba tomweto tilinso kunsi kwa nsonga ya mchira wawo, ndipo mchirawo umakhala ngati phazi lachisanu pamene akudumpha kuchoka pa tsamba lina kupita pa linzake.

Tsopano ndifike pa chimene ine ndimaona kuti ndicho mutu wa nkhani yonse, chimene chithunzi cha pa Facebook sichingakuuzeni. Nkhalango ya Kimboza ili m'munsi mwa mapiri a Uluguru chakum'mawa, pafupi ndi mtsinje wa Ruvu, umene kumunsi kwake umamwetsa mzinda wa Dar es Salaam. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 400, kutanthauza malo a makilomita 2 m'litali ndi makilomita 2 m'lifupi, amene pakanakhala msewu wowongoka mwana wa sukulu akanawadutsa m'mphindi 30. Ndi nkhalango ya kumalo otsika ndi otentha, yomera pa miyala ya laimu, ndipo m'ming'alu ya miyalayo mumatumphuka akasupe amene amachititsa kuti mbali zina zikhale zonyowa chaka chonse. Nalimata uyu amapezekanso m'nkhalango yoyandikana nayo ya Ruvu ndi m'tizidutswa tina tating'ono ta nkhalango, koma mukaphatikiza malo onse amene amakhalamo kwenikweni, akuti ndi masikweya kilomita pafupifupi 8.

Ngakhale m'kati mwa nkhalango yaing'onoyo, iye sakhala pa mtengo uliwonse. Amakhala pa mtengo umodzi wokha, wotchedwa Pandanus rabaiensis. Kuti ana anu auone m'maganizo, auzeni aganize chitsamba cha chinanazi kapena khonje chitakwezedwa pamwamba pa thunthu lalitali. Masamba ake ndi aatali ngati lamba, aminga m'mbali, ndipo amamera mozungulira thunthu ngati mizere ya sikuluwu. Kumunsi thunthulo limatulutsa mizu yochirikiza imene imatsikira pansi motambalala, monga imachitira mizu ya chimanga yoonekera pamwamba pa mzere, kungoti iyi ndi yaikulu, ndipo ndi imene imaimika mtengowo m'dothi lofewa la m'madambo. Nalimata amasankha mitengo ikuluikulu, imene masamba ake apitirira mita imodzi kutalika.

Pamene tsamba lililonse lalumikizana ndi thunthu pamakhala kamphako kakuya, ndipo moyo wonse wa kanyamaka uli m'timphako timeneto. Mvula ikagwa, madzi amatsetsereka m'ngalande ya tsamba n'kukadikha mmenemo, pamodzi ndi zinyalala za masamba zimene zimawola n'kuitana tizilombo ting'onoting'ono. Nalimata amadya tizilomboto, amanyambita madontho a madzi pa tsamba, ndipo amakondanso timadzi totsekemera ta m'maluwa. Mbalame ikadutsa pamwamba, iye amatsetserekera m'kamphako, m'mene mlomo wa mbalameyo sungafike popanda kulasidwa ndi minga. Kukacha amatuluka kukawothera dzuwa pa tsamba lotambalala, ndipo pomwepo ndi pamene wamphongo amadzionetsera, kutukumula khosi lake lakuda ndi kupendeketsa thupi kuti aoneke wamkulu kwa mnzake wofuna kulowerera. Pa mtengo umodzi kawirikawiri pamakhala wamphongo mmodzi, aakazi kuyambira mmodzi mpaka atatu, ndi ana. Ndi mudzi wathunthu wokhala ndi mwini wake, chitsime chake ndi nkhokwe yake, wonse uli pansonga ya mtengo umodzi.

Wamkazi amaikira mazira awiri pa nthawi imodzi, oyera, ocheperako njere ya nandolo. Potuluka amakhala ofewa ndi onata, ndipo amawamatiza pamalo obisika, m'mene amauma n'kukhala ndi chikamba cholimba. Chikambacho chimafuna kashiamu wambiri, ndipo n'chifukwa chake aakazi a analimata ambiri amakhala ndi timatumba tiwiri m'mbali mwa khosi mosungira kashiamuyo, timene nthawi zina timaoneka ngati zotupa. Mazira amaswa pakatha masiku 60 mpaka 90, malinga ndi kutentha. Mayi salera ana, ndipo kamwana kakangoswa kamayamba kudzisakira chakudya kokha. Mazira awiri pa nthawi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a chule kapena nsomba, choncho chiwerengero cha nyama yotere chikatsika sichikwera msanga.

Mtengo wa Pandanus umenewu umamera m'malo enanso a m'mphepete mwa nyanja ku Kenya ndi ku Tanzania, ndipo dzina lake linachokera ku Rabai, pafupi ndi Mombasa. Komabe nalimata wabuluu sanafike konseko. Nkhalango zonyowa za kum'mawa kwa Africa zili ngati zilumba, zolekanitsidwa ndi tchire louma ndi minda, ndipo kanyama ka masentimita 4 kamene sikatsika pa mtengo wake sikangadutse makilomita ambiri a dzuwa ndi moto kukafuna mtengo wina.

Amene analemba za nalimata uyu koyamba m'mabuku a sayansi ndi Arthur Loveridge, katswiri wa ku Britain amene ankagwira ntchito ku yunivesite ya Harvard, ndipo munali m'chaka cha 1952, dzikolo likutchedwa Tanganyika. Loveridge yemweyo anayendanso m'mapiri a kuno kwathu m'zaka za 1948 ndi 1949 akutolera abuluzi, njoka ndi achule. Kwa zaka pafupifupi 50 kanyamaka kanakhala kodziwika kwa akatswiri owerengeka okha. Zinthu zinasintha cha m'ma 2004, pamene anthu oweta abuluzi m'mabokosi agalasi ku Ulaya ndi ku America anayamba kukafuna. Kafukufuku wa Morris Flecks ndi anzake, wofalitsidwa m'chaka cha 2012, anayerekeza kuti ku Kimboza kunali analimata akuluakulu pafupifupi 150,000, ndipo anapeza kuti kuyambira Disembala 2004 mpaka Julayi 2009 gulu limodzi lokha la osaka linagwira oposa 30,000.

Chiwerengerocho pachokha ndi chachikulu, koma kagwiridwe kake ndi kamene kanawononga koposa. Munthu sangakwere mtengo waminga ngati umenewu n'kupisa dzanja m'timphako take, choncho osaka ankangoudula kuti analimata agwe nawo pansi. Pofuna wamphongo mmodzi wabuluu, ankagwetsa mudzi wonse uja, mazira ali m'timphako n'kuwonongeka, ndipo malo a mibadwo yotsatira n'kutha. Analimata ambiri ankaferanso m'njira asanafike kwa ogula. Popeza ankagwidwa m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, otumiza kunja ankalemba mayina a mitundu ina pa zikalata, ndipo limodzi mwa mayina amene ankabisalirako ndi Lygodactylus capensis, nalimata wamba amene, monga ndifotokozere, mwina ali pa mtengo wa mango wa pasukulu panu.

M'chaka cha 2012 bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, linaika nalimata uyu m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu. Pa msonkhano wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, umene unachitikira ku Johannesburg m'chaka cha 2016, dziko la Tanzania ndi mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya anapempha kuti aikidwe pa mndandanda woyamba wa panganolo, ndipo zinayamba kugwira ntchito mu Januwale 2017. Mndandanda woyambawo umaletsa malonda a pakati pa mayiko a nyama yogwidwa m'tchire. Dziko la Malawi nalo linasaina pangano limeneli, ndipo amene amaliyang'anira kuno ndi nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire. Lamulo lathu la nyama zakutchire linakhwimitsidwa m'chaka cha 2017, ndipo pa milandu ikuluikulu chilango chimatha kufika zaka 30 kundende. Mnyamatayo muuzeni mosapita m'mbali kuti kugwira nyama zakutchire n'cholinga chokagulitsa kunja popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale nyamayo ikhale yochepa ngati machesi.

Ngakhale mwa nzeru za malonda zokha, ganizo lakelo linachedwa. Nalimata uyu amaswana mosavuta m'manja mwa oweta odziwa ntchito yawo, amene amamupatsa nyali yapadera yolowa m'malo mwa dzuwa, tintchentche ta pa zipatso ndi ufa wa kashiamu, ndipo amene amagulitsidwa movomerezeka ku Ulaya masiku ano ndi obadwira m'mabokosi, okhala ndi zikalata zawo. Ine sindiona kuti kuchuluka kwa analimata m'mabokosi a ku Germany ndi chipulumutso cha mtunduwu, ngakhale kwachepetsa phindu la osaka. Nalimata wa m'bokosi ali ndi mtundu wake wabuluu, koma mtengo uja, akasupe aja ndi khalidwe lonse limene ndafotokozali zili ku Kimboza kokha.

Ndipo kumeneko mdani wamkulu lero si msaki yekha. Zaka zambiri zapitazo anthu anabzala m'nkhalangomo mtengo wa matabwa wochokera ku America wotchedwa Cedrela odorata, wa banja limodzi ndi mbawa. Mtengowu umakula msanga, mbewu zake zimauluzika ndi mphepo, ndipo pena paliponse pamene nkhalango yatseguka chifukwa cha moto kapena nkhwangwa, iwo ndi umene umayamba kumera n'kulanda malo a Pandanus. Moto wochokera m'minda yozungulira, kudula mitengo ndi kukumba miyala m'deralo zimatsegula mipata yotero chaka ndi chaka. Akatswiri a yunivesite ya zaulimi ya Sokoine, imene ili ku Morogoro komweko, akhala akugwira ntchito ndi anthu a m'midzi yozungulira podula Cedrela, kulambula njira zotchinga moto ndi kubzala mitengo yachilengedwe. Ndi ntchito ya khasu ndi chikwanje, yosakopa maso ngati chithunzi chija, koma ndi imene ikugwira pa muzu wa vutolo.

Za ululu musade nkhawa. Palibe nalimata amene ali ndi ululu, kaya wabuluuyu, kaya wa m'nyumba, ndipo zakuti akakugwera kapena kukukodzera umatuluka zilonda zilibe umboni. Kusamala koyenera ndi kumodzi kokha: abuluzi onse, monganso nkhuku, akhoza kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba mu ndowe zawo, choncho mwana akagwira buluzi asambe m'manja ndi sopo asanadye.

Kuno kwathu abale ake a nalimata wabuluu alipo. Pa phiri la Mulanje pali Lygodactylus rex, amene Donald Broadley anamulemba m'chaka cha 1963, ndipo mawu akuti rex m'Chilatini amatanthauza mfumu chifukwa ndi wokulirapo pakati pa abale ake. Palinso Lygodactylus bonsi wa pamwamba pa phiri lomwelo. Koma amene ana anu angamuone popanda ulendo ndi Lygodactylus capensis uja, wotuwa kapena wofiirira, wokhala ndi kamzere kowala m'mbali mwa thupi, amene amakhala pa mitengo ya m'mudzi, pa mizati ya mpanda ndi pa makoma. Atulutseni ana m'mawa dzuwa litayamba kutentha, aimirire chete mapazi angapo kuchokera pa thunthu la mango, ndipo ayang'ane pa khungwa mpaka kanthu kena katasuntha. Mmodzi akasendera pafupi, nalimatayo sathawira kutali, koma amangozungulira kuseri kwa nthambi, ndipo mwanayo akazungulira, iye amazunguliranso. Mnzake akaima mbali inayo amuona bwinobwino, ndipo akhoza kuyang'ana diso lobulungira lija, zala zotambalala kunsonga, ndi nsonga ya mchira itakanikiza khungwa. Auzeni asamugwire, chifukwa akagwidwa amadula mchira wake n'kuusiya ukuphiriphitha m'manja mwawo, ndipo mpaka wina utamera amakwera mtengo movutikira. Akayang'ana m'ming'alu ya khungwa kapena ya khoma, mwina apeza timazira tiwiri toyera togundana, ndipo nthawi zina timakhala tambiri pamalo amodzi chifukwa aakazi angapo amaikira pamodzi. Atisiye pomwepo, alembe tsiku m'kope, ndipo azipitako sabata iliyonse kukaona ngati taswa.